Wosamalira mmodzi usana ndi usiku: n'zotheka kapena tikudzinamiza?

Wachisamba:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene ntchito yosamalira odwala pakhomo mumaidziwa bwino. Wodwala ndi bambo a zaka 78, olemera makilogalamu pafupifupi 80. Anadwala sitiroko miyezi itatu yapitayo. Mkono ndi mwendo wakumanzere sizigwira ntchito, ndipo sangaimirire okha. Ali ndi matenda a shuga, amabayidwa insulini m'mawa ndi madzulo, komanso amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi. Akamamwa madzi nthawi zina amatsamwa. Kuchipatala awatulutsa, akuti zotsalazo n'zakunyumba.

Bungwe lina losamalira odwala likuti litumiza munthu mmodzi azigona pakhomo pomwepo, azichita zonse usana ndi usiku, ndipo akuti ndi wophunzitsidwa bwino. Mafunso anga ndi atatu. Kodi munthu mmodzi n'ngokwanira kwa wodwala wotere? Mawu akuti "wophunzitsidwa bwino" tingawatsimikize bwanji? Nanga banja likakhala kuntchito, amayang'anira wosamalirayo ndani, ndipo amayang'ana chiyani?

Namwino Wopuma:

Pepani ndi matendawa, a Wachisamba. Ndiyambe ndi chimene mabungwe ena amachilumpha chifukwa chimadya nthawi koma sichibweretsa ndalama, kumuunika wodwala asanatumize munthu. Bungwe likakutchulirani chiwerengero cha antchito pafoni, lisanawaone bambowo, lisanaone bedi, chimbudzi ndi kukula kwa zitseko, likungolota. Namwino abwere kaye, akhale nawo, awaone khungu lonse, awaone akumeza ndiponso akusunthidwa, kenako alembe ndondomeko ya chisamaliro imene izikhala m'nyumbamo, osati ku ofesi kokha. Ndondomekoyo isakhale ya mawu ongoti "kuwasambitsa ndi kuwadyetsa". Inene nthawi, inene kachitidwe kake, inenenso woyimbiridwa foni zinthu zikavuta.

Kwa bambo anuwa zoopsa zazikulu ndi zitatu, ndipo zonse zimabwera mwakachetechete.

Choyamba ndi zilonda za pabedi. Khungu likapanikizika pakati pa fupa ndi matiresi, magazi sayenda bwino, mnofu umayamba kufa, ndipo zimenezi zimatha kuyamba m'maola ochepa chabe. Malo oyang'ana tsiku lililonse ndi kumunsi kwa msana chapakati pa matako, m'mbali mwa chiuno, zidendene, akakolo, zigongono, kunkhongo ndi makutu. Mabuku ambiri amati muziyang'ana pamene pafiira. Pakhungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino, ndiye wosamalira aphunzitsidwe kuyang'ana pamene pada kuposa pozungulira, ndi kugwirapo ndi dzanja. Pakatentha, pakalimba kapena pakafewa mosiyana ndi pena ponse, chilonda chayamba kale mkati. Malo otero osawatikita, chifukwa kutikita kumawonjezera kuwonongeka. Ongowachotsa pa kupanikizika basi, n'kumuuza namwino tsiku lomwelo. Anamwino ali ndi sikelo yotchedwa Braden imene amayezera chiopsezo. Imayambira pa 6 kufika pa 23, ndipo wopeza 18 kapena kucheperapo ali pachiopsezo. Funsani bungwelo kuti bambowo apeza zingati. Akangoyang'anana, mwadziwiratu.

Powatembenuza, ambiri timayambira pa maola awiri alionse. Asagonekedwe chammbali penipeni pa fupa la chiuno, koma mopendekeka pang'ono, madigiri pafupifupi 30, pilo atatsamira kumsana. Pilo wina aikidwe pansi pa akatumba a miyendo kuti zidendene zikhale m'malere, zisakhudze matiresi. Wa matenda a shuga sachedwa kuwola chidendene, ndipo mwendo umene unafawo samva kupweteka koti n'kudandaula.

Chachiwiri ndi kutsamwa. Madzi ndi amene amavuta kwambiri chifukwa amathamanga kukhosi, njira ya mpweya isanatseke. Akalowera kumapapo pang'onopang'ono, mapeto ake ndi chibayo. Wodwala azidya atakhala tsonga, ali maso bwinobwino, supuni yaing'ono imodziimodzi, ndipo akatha akhalebe tsonga mphindi 30 asanagonekedwe. Zizindikiro zoti chinachake chalowera kolakwika ndi kutsokomola pakudya, mawu osasa ngati akulankhulira m'madzi, misozi kulengeza, ndi kutentha thupi patapita tsiku kapena awiri. Ena satsokomola n'komwe. Akatha kudya, wosamalira ayang'ane m'tsaya lakumanzere, chifukwa chakudya chimatsalira mmenemo wodwala osadziwa, ndipo awatsuke m'kamwa kawiri pa tsiku. Kukula kwa vuto lakumeza ndi kulimba kwa zakumwa zoyenera, zimenezo aziunike katswiri wa kuchipatala, asamangozipeka wosamalira.

Pali kamsampha apa. Mukakweza kumutu kwa bedi kuti adye, thupi limatsetserekera kumiyendo ndipo khungu la kumunsi kwa msana limakokeka. Choncho kwezaninso pang'ono m'mawondo, ndipo nthawi ya chakudya ikadutsa tsitsani kumutu kusapitirire madigiri 30.

Chachitatu ndi mankhwala. Pakhale pepala la mankhwala lokhala ndi dzina la mankhwala, mlingo, nthawi ndi posainira, ndipo wopereka asaine atangopereka, osati madzulo zonse pamodzi. Mapiritsi asaphwanyidwe popanda kufunsa dokotala kapena wa ku famase. Ena anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono tsiku lonse, ndiye mukawaphwanya mlingo wonse umalowa nthawi imodzi. Insulini yosatsegula imasungidwa mufiriji pa madigiri 2 mpaka 8, isaundane. Yotsegula, mitundu yambiri imatayidwa pakatha masiku 28, choncho tsiku lotsegulira lilembedwe pabotolo. Ngozi yofala ndi iyi: wabayidwa insulini, kenako wakana kudya kapena watsamwa n'kusiya. Shuga akatsika pansi pa 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL pa makina ena, wodwala amatuluka thukuta, kunjenjemera ndi kusokonezeka. Akakhala kuti ali maso ndipo akutha kumeza, amapatsidwa shuga wokwana magalamu 15, n'kuyezedwanso pakatha mphindi 15. Akakhala kuti akuwodzera kapena wakomoka, m'kamwa musalowe kanthu. Agonekedwe chammbali, muyitane thandizo la chipatala. Poti bambo anu amavutika kumeza, dokotala alembe mwachindunji chimene azipatsidwa shuga akatsika. Funsaninso ngati malamulo a kumene muli amalola wosamalira amene si namwino kubaya jakisoni. Kumene amaloledwa, amayenera kuphunzitsidwa pa wodwala yemweyo ndi kuvomerezedwa ndi namwino polemba.

Wokonza Mashifiti:

A Namwino afotokoza za thupi, ine ndingochita masamu, chifukwa yankho la funso loyamba lagona pamenepo.

Sabata ili ndi maola 168. Malamulo a ntchito m'mayiko ambiri salola munthu kupitirira maola 48 pa sabata. Mukagawa 168 ndi 48 mupeza 3.5. Kutanthauza kuti ngati pakufunika munthu wokhala maso nthawi zonse, mufunika anthu anayi osinthana, ndipo apa sitinawerengere tchuthi, kudwala kwa wantchito kapena maliro kwawo. Mukaika mashifiti a maola 12, pa sabata alipo 14, aliyense akagwira anayi mufikanso pa 3.5 pomwepo.

Wosamalira wogona pakhomo amatheka pamene wodwala amagona usiku wonse, n'kumadzuka mwina kamodzi. Bambo amene akufunika kutembenuzidwa maola awiri alionse adzamudzutsa wantchito 12 koloko, 2 koloko ndi 4 koloko, usiku uliwonse, ndipo 6 koloko ayenera kuyeza shuga ndi kukoka insulini. Ofufuza za tulo anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amalakwitsa zinthu mofanana ndi amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi. Ameneyo ndiye mukufuna awerenge timizere ta pa jakisoni? Chimene chimachitika n'chodziwika. Sabata yoyamba amadzuka mokhulupirika. Yachiwiri amayamba kulumpha 2 koloko. Yachitatu amagona mpaka kucha, n'kudzaza pepala lotembenuzira m'mawa. Si kuipa mtima, thupi la munthu lili ndi malire. Pangano nambala 189 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, la mu 2011, lonena za antchito a m'nyumba, limati wantchito azipuma maola 24 otsatizana sabata iliyonse. Funsani bungwelo kuti tsiku limenelo kudzabwera ndani, ndipo mumuone munthuyo asanayambe.

Mbali inanso, anthu osinthana asachuluke kwambiri. Atatu kapena anayi odziwika ndi abwino kuposa nkhope yatsopano tsiku lililonse, chifukwa amene amawadziwa bambowo ndi amene angazindikire kuti lero sakulankhula monga mwa masiku onse. Posinthana shifiti pakhale mphindi 10 kapena 15 zoti awiriwo aonane, wotuluka auze wolowa zimene wodwala wadya, shuga mmene analili, nthawi imene anatembenuzidwa komaliza ndi ngati anachita chimbudzi. Bungwe likamapanda kulipira mphindi zimenezi, antchito amangopatsana makiyi pakhomo.

Pa za maphunziro, mawu akuti "wophunzitsidwa bwino" alibe kanthu mpaka atasanduka manambala. Kuti mukhale ndi poyerekezera: ku United States, wosamalira odwala pakhomo wa bungwe lolipidwa ndi Medicare, inshulansi ya boma ya zaumoyo, amayenera kuphunzira maola osachepera 75, mwa amenewa 16 akugwira ntchito moyang'aniridwa, ndipo chaka chilichonse amawonjezera maola 12. Ambiri odziwa ntchitoyi amati maola 75 ndi ochepa, koma ndi poyambira. Ku England anakhazikitsa Care Certificate mu 2015, satifiketi ya maphunziro oyambira a osamalira imene wantchito watsopano amayenera kumaliza, ndipo aliyense amafufuzidwa ngati ali ndi mbiri ya milandu kudzera ku ofesi ya DBS. Kulikonse kumene muli, pemphani kuona zinthu zinayi: satifiketi yosonyeza maola ndi mitu imene anaphunzira, chikalata cha kupolisi, maina a kumene anagwirako kale ndi umboni woti bungwe linayimbako foni, ndi pepala losainidwa ndi namwino loti anamuona ndi maso akutembenuza wodwala, akudyetsa ndi kuyeza shuga. Pepala lomalizali ndi limene limasowa kawirikawiri. Kukhala m'kalasi ndi kwina, kugwira thupi la munthu wa makilogalamu 80 ndi kwinanso.

Mukasankha zoti wosamalira azingobwera nthawi zina pa tsiku, yang'anani kutalika kwa ulendo uliwonse. Bungwe la NICE, lopereka malangizo a zaumoyo ku England, linalangiza mu 2015 kuti ulendo usachepere mphindi 30, kupatula ngati wantchitoyo ndi wodziwika kale kwa wodwala ndipo akungodzachita kanthu kamodzi kachidule. Funsaninso ngati pa ndandanda pali nthawi yoyendera kuchokera nyumba ina kufika ina. Ngati wina akuyenera kutuluka pakhomo pena 8 koloko n'kukalowa pena 8 koloko yomweyo, mphindi za panjirazo azidula pa nthawi ya bambo anu.

Wa Mafizo:

Ndiwonjezere za kunyamula, chifukwa apa amavulala onse awiri. Bungwe la NIOSH, loona za chitetezo cha antchito ku United States, limalangiza kuti wantchito asanyamule ndi manja kulemera kwa wodwala kopitirira makilogalamu 16, ndipo apo n'kuti zonse zili bwino, wodwala akugwirizana naye. Bambo a makilogalamu 80 amene sangaimirire, munthu mmodzi sangawachotse pabedi bwinobwino. Pafunika anthu awiri, kapena makina onyamulira odwala okhala ndi nsalu ya saizi yawo. Powasuntha pabedi pomwepo pagwiritsidwe ntchito nsalu yoterera yoyala pansi pawo, osati kuwakhwekhwereza pa shiti.

Kagwiridwe kamene muyenera kukaletsa tsiku loyamba ndi kolowetsa manja m'khwapa n'kukoka. Minofu ya phewa lakumanzere inafooka, ndiye mukakoka mkono fupa limatsika pamalo pake ndipo ululu wake umatha miyezi. Mkono umenewo uzikhala pa pilo nthawi zonse, usamalendewere. Wodwala asakolekenso mkono m'khosi mwa wosamalira. Akadzayamba kutha kuimirirako pang'ono, wilitcheya iziikidwa kumanja, mbali yamphamvu, mabuleki atamangidwa, zopondera zitachotsedwa, iwo atavala nsapato zosaterera osati masokosi okha. Povala malaya amayamba ndi mkono wofookawo, povula amamalizira nawo.

China chimene osamalira ambiri sauzidwa: kufa kwa mbali yakumanzere kumatanthauza kuti sitiroko inagwira ubongo wakumanja, ndipo odwala otere ena amaiwala kuti kumanzere kuliko. Amadya theka la mbale, amagunda chitseko, mkono umagwera mu sipoko za wilitcheya iwo osadziwa. Ena amadziona ngati angathe kuyenda, n'kudzuka okha usiku. Bedi lizitsitsidwa, njira yopita kuchimbudzi ikhale yowala ndi yopanda makapeti oterera kapena mawaya. Zitsulo za m'mbali mwa bedi si yankho la aliyense. Wosokonezeka amazikwera n'kugwa kuchokera pamwamba, ndipo mpata wa pakati pa zitsulo ukapitirira masentimita 12 mutu umatha kukodwa.

Akagwa, osathamangira kuwadzutsa. Aonedwe kaye ali pansi pomwepo. Mwendo ukaoneka waufupi kuposa unzake ndipo phazi lagwera kunja, n'kutheka kuti fupa la chiuno lathyoka, asasunthidwe. Ndipo poti amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, akangomenyetsa mutu apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akuseka n'kumati palibe vuto. Magazi amatha kumadontha m'mutu pang'onopang'ono n'kudzaonekera patapita maola kapena masiku.

A Namwino, mundikhululukire, pa maola awiri aja ndisiyana nanu pang'ono. Malangizo a NICE a mu 2014 amati wachiopsezo chachikulu atembenuzidwe osapitirira maola anayi. Pa matiresi abwino opangidwira kupewa zilonda, kudzutsa wodwala maola awiri alionse kumangomulanda tulo, m'mawa n'kulephera mafizo.

Wachisamba:

Zikomo kwambiri nonse, maso atseguka. Zikuoneka kuti munthu mmodzi sizingatheke. Latsala funso lachitatu lija. Abale ena akuti tingoika kamera m'chipinda nkhani ithe. Kodi zimenezo n'zokwanira? Nanga za ndalama ndi khadi la kubanki la bambowo, wosamalira akamatumidwa kukagula zinthu, zimayendetsedwa bwanji?

Woyendera Mabungwe:

A Wachisamba, kamera imaonetsa kuti munthu analowa m'chipinda. Siyingakuuzeni kuti chidendene chatentha kapena kuti piritsi lamadzulo laperekedwa kawiri. Mukafuna kuiika, bambowo avomereze okha ngati akutha kuganiza bwino, antchito auzidwe polemba, ndipo isaloze pamene amasambira kapena kuvulidwa. Malamulo a zimenezi amasiyana dziko ndi dziko, makamaka pa kujambula mawu. Kamera yobisa imathamangitsa antchito abwino, oipa amangophunzira ngodya imene siyioneka.

Kuyang'anira kwenikweni kuli ndi mbali zitatu: bungwe lenilenilo, boma, ndi banja.

Bungwe liyenera kukhala ndi namwino wodziwika ndi dzina amene amayendera nyumbayo. Ku United States, wodwala amene akulandiranso chithandizo cha namwino kapena cha mafizo, ntchito ya wosamalira wake imaunikidwa masiku 14 alionse. Kwa bambo anu musavomere zotalikirapo, makamaka miyezi yoyambirira. Maulendo ena akhale odzidzimutsa, ndipo ena akhale a usiku kapena a Lamlungu, chifukwa zonyozera ntchito zimachitika nthawi imene ofesi yatseka. Woyendera alankhule ndi wodwala payekha, wosamalira atatuluka panja, kenako alankhulenso ndi wosamalira payekha. Nayenso ali ndi zake. Amagwira ntchito yekhayekha m'nyumba ya eni, amatha kunyozedwa, kugwiridwagwiridwa, kapena kusandutsidwa wochapa ndi kuphikira banja lonse pamene wodwala ali yekha kuchipinda.

Mbali ya boma, funsani ngati bungwelo lili ndi chiphaso ndipo anapereka ndani. Ku England ntchito imeneyi ili m'manja mwa Care Quality Commission, imene inayamba mu 2009, ndipo malipoti ake aliyense amatha kuwawerenga pa intaneti. Kumene kulibe ofesi yotere, bungwe la anamwino limakhalapobe, ndiye tsimikizani kuti namwino woyang'anirayo ali m'kaundula ndipo chiphaso chake sichinathe. Pemphaninso kuona inshulansi ya bungwelo, yoteteza wodwala akavulazidwa ndi yoteteza wantchito akathyoka msana. Popanda imeneyo mlandu umagwera banja.

Funso limene limaulula zambiri ndi ili: "Chaka chathachi munalemba ngozi zingati, ndipo munasinthapo chiyani?" Bungwe loyankha kuti kwawo sikuchitika ngozi, kapena silinena zoona kapena antchito ake amaopa kuulula. Odwala amagwa, mankhwala amaiwalika. Bungwe labwino limalemba tsiku lomwelo, limauza banja lisanafunse, ndipo silichotsa ntchito munthu chifukwa chodziulula yekha kuti walakwitsa. Mukamalanga woulula, mawa aliyense amabisa.

Banja nalo lili ndi zoyang'ana zimene sizifuna sukulu. Werengani mapiritsi otsala muyerekeze ndi pepala la mankhwala. Ngati paketi inali ya 28, papita masiku 10, piritsi limodzi pa tsiku, atsale 18. Akatsala 21, masiku atatu sanamwe ngakhale pepala lili losainidwa. Yang'anani pepala lotembenuzira. Likakhala lolembedwa ndi cholembera chimodzi, dzanja limodzi, nthawi zake zili ndendende 2:00, 4:00, 6:00 popanda kuphonya ndi mphindi imodzi yomwe, lalembedwa nthawi imodzi. Mukafika 3 koloko masana n'kupeza pa 6 koloko madzulo pasainidwa kale, nkhani yatha. Vundukulani bulangete muone zidendene ndi maso anu. Bambowo ayezedwe sikelo mwezi uliwonse. Kutsika ndi 5 peresenti m'mwezi umodzi, kwa bambo anuwa makilogalamu 4, n'chifukwa chokwanira choitanira dokotala.

Za ndalama, khadi la kubanki ndi nambala yake yachinsinsi zisapite m'manja mwa wosamalira, ngakhale mutamukhulupirira chotani. Zimateteza iyenso, chifukwa ndalama ikasowa woyamba kulozedwa chala ndi iye. Ikani ndalama yochepa m'kabokosi ndi kabuku, chogulidwa chilichonse chibwere ndi lisiti, wachibale mmodzi aziwerengera sabata iliyonse. Mumgwirizano mulembedwe kuti wantchito salandira mphatso zamtengo, sabwereka kapena kubwereketsa ndalama, sabweretsa alendo ake, ndipo sakhala mboni pa wilo kapena pa kugulitsa katundu wa wodwala. Makiyi alembedwe amene ali nawo, ndipo abwezedwe tsiku losiya ntchito.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse a zaka 60 kupita m'tsogolo amachitiridwa nkhanza ya mtundu wina m'chaka chimodzi, ndipo chiwerengerochi ndi cha okhala kunyumba. Ochita nkhanzazo nthawi zambiri amakhalanso achibale, choncho wosamalira akhale ndi koti akanene akaona zolakwika m'banjamo. Zizindikiro zake ndi mikwingwirima pamalo osagundika wamba, monga mkati mwa mikono ndi ntchafu, zipsera zozungulira pamfundo za manja ngati anamangidwa, wodwala kungoti zii munthu wina akalowa, kugona masana onse mosadziwika bwino, ndi wosamalira amene safuna kuti mukhale ndi wodwala panokha. Mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi amabweretsa mikwingwirima mosavuta, n'zoona, koma musamangokankhira zonse kwa mankhwalawo. Uliwonse ulembedwe, malo ake, kukula kwake ndi tsiku.

Namwino Wopuma:

A Mafizo, mwanena zoona, maola anayi amatheka, koma pokhapokha matiresi oyenerawo alipo ndipo khungu laonetsa kuti likupirira. Njira yake ndi kuyamba ndi awiri, n'kumayang'ana khungu potembenuza paliponse. Malo amene anagonera akabwerera mwakale pasanathe mphindi 30, namwino akhoza kutalikitsa kufika atatu, kenako anayi, n'kulemba mundondomeko. Asatalikitse wosamalira payekha chifukwa cha tulo. Ndipo pa wilitcheya kupanikizika kumakula kuposa pabedi, ndiye asakhalepo maola opitirira awiri nthawi imodzi.

Ndinasiya za ukhondo. Kusamba m'manja ndi sopo kumatenga masekondi 40 mpaka 60, kupaka sanitaiza 20 mpaka 30, asanagwire wodwala ndi akatha, asanabaye jakisoni, ndiponso akavula magolovesi. Magolovesi amodzi asachoke nawo kopukuta wodwala kupita nawo kukhitchini. Bungwe ndilo lipereke magolovesi ndi maepuloni, chifukwa wantchito akamagula yekha amawachapa n'kubwereza. Popukuta magazi pansi, klorini amasungunulidwa kufika 0.5 peresenti. Ngati pabotolo palembedwa 5 peresenti, ndi kapu imodzi ya klorini ku makapu 9 a madzi, ndipo ngati ndi 3.5 peresenti, makapu 6. Wopukutira matebulo ndi zogwirira zitseko ndi wa 0.1 peresenti. Asungunulidwe watsopano tsiku lililonse, ndipo asasakanizidwe ndi mankhwala ena otsukira chifukwa amatulutsa mpweya woipa.

Singano zikagwira ntchito zisavindikiridwenso, anthu ambiri amadzibaya pamenepo. Ziponyedwe m'chigubu cholimba chotsekeka, ndipo chikadzaza magawo atatu mwa anayi chitsekedwe chipite kuchipatala. Wosamalira akadzibaya atsuke ndi sopo ndi madzi osafinya, apite kuchipatala nthawi yomweyo. Mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, ndipo amamwedwa masiku 28. Katemera wa hepatitis B alandire asanayambe ntchito. Madzi osamba asapitirire madigiri 44, ndipo wosamalira ayese ndi chigongono chake, osati kufunsa wodwala, poti mbali yakumanzere siimva kutentha.

Pakhoma pafupi ndi bedi pamatidwe pepala limodzi la zilembo zazikulu. Palembedwe nambala ya ambulansi, ya namwino wa bungwe imene imayankhidwa ndi usiku womwe, ndi ya achibale awiri, kenako zizindikiro zoti wosamalira ayimbe osayamba wapempha chilolezo: kukamwa kupotoka kapena mawu kusamveka mwadzidzidzi, kufooka kwatsopano, kusokonezeka kumene kunalibe dzulo, kupuma kofika ka 25 pa mphindi, kupweteka pachifuwa, chimbudzi chakuda ngati phula kapena magazi osaleka. Zizindikiro za sitiroko zikabwereranso, wosamalira ayang'ane wotchi alembe nthawi imene anawaona komaliza ali bwino, chifukwa dokotala adzafunsa chimenecho poyamba. Paketi zonse za mankhwala zipite nawo m'thumba limodzi.